Kansalu ka a Kochi

Mphenzi anali atasenza mipando inayi yapulasitiki kuti akaikweze pagalimoto ya kutchalitchi pamene anaona ana a timu ya bambo ake ataima pageti. Analipo khumi ndi atatu, onse atavala majezi obiriwira osuluka, ndipo wamtali kuposa onse anali atafungatira thumba la mipira ngati khanda lodwala. Sanagogode, sanaodire. Anangoima duu, maso ali pakhonde pamene dzulo lake panali bokosi la bambo ake.

"Maliro anatha dzulo," anatero Mphenzi. "Pitani kwanu."

Palibe anasuntha. Kamtsikana kena kakafupi, kamene jezi inkakafika m'mawondo, kanayang'ana dzuwa, kenako kanayang'ana iye.

"Lero ndi Lachitatu," kanatero. "Lachitatu timakonzekera."

"Ndi ndani? A Kochi anu tinawaika dzulo. Simunaone?"

"Tinaona. Tinaimba nawo."

Mphenzi anatula mipando ija. Bondo lake lamanzere, limene linamuchotsa m'bwalo la mpira zaka zisanu zapitazo n'kumukhazika pachiwongolero cha lole, linkawawa chifukwa choimirira masiku atatu. Anafuna kukalipa, koma chitseko cha kashopu ka nsapato kamene kanali pakona ya mpanda chinatseguka, ndipo mng'ono wake anatuluka akupukuta guluu m'manja.

Mng'onoyo anthu ankamutcha Phee. Anabadwa ndi chibwibwi, ndipo atatopa ndi kusekedwa anangosankha kusunga mawu ake. Ndiye amene anatsala pakhomo, kusoka nsapato pabenchi limodzi ndi bambo awo, ndi kuwanyamulira mipira Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka lililonse. Anawakodola ana aja, iwo n'kulowa mmodzimmodzi kukakhala pamthunzi wa khoma.

"Ukuwalowetseranji?"

"A-achimwene, amayi a-akukuitanani."

Amayi anali kukhitchini, akutsuka makapu obwereka kwa anzawo a kwaya. Ankang'ung'udza nyimbo imene inaimbidwa kumanda, yonena za mpumulo wa otopa, koma ankangotsata mawu achiwiri okha, ngati akudikira kuti wina aikepo besi. Besiyo ndiye anali atapita. Amuna awo, amene anthu onse, ngakhale iwo omwe, ankawatcha a Kochi, anaimba besi zaka makumi atatu, nthawi zonse motsalira pang'ono, ndipo panalibe amene analimba mtima kuwauza.

Ataumitsa manja, anasolola pepala pansi pa chitini cha shuga.

"Ahedi anandisiyira ili pobwera kudzapepesa. Bwalo lija ndi la sukulu. Chaka chilichonse bambo ako ankalemba dzina lawo apa, kuti mwana akavulala kapena akaswa zenera pakhale wamkulu woyankha. Loweruka ana akusewera masewero otsekera chaka. Pepalali likapanda kubwerera tsiku lomwelo lili ndi dzina, bwalo alipereka kwa a timu ya akuluakulu. Akhala akulipempha kuyambira kale."

"Ndiye alembe Phee. Si ndiye wakhala akunyamula mipira?"

"Wakana. Akuti kochi amakuwa, ndipo iye pamene mawu azidzatuluka mpira udzakhala utalowa kale m'golo."

"Ndiye timu yatha, amayi. Anthu amafa, matimu amatha. Ine ndine dalaivala, Lamlungu madzulo ndikufunika kudepoti."

"Kudepoti kwakoko ndi ulendo wa maola awiri, si kutsidya kwa nyanja."

"Amayi."

"Sindikukukakamiza, mwanangu. Ndikungoti Loweruka ana asewere. Bambo ako anawalonjeza. Ngakhale m'chipatala muja, timapaipi tili m'mphuno, ankafunsa ngati chala cha Dengu chapola."

Dengu anali goloboyi wa timuyo. Dzinalo analipeza chaka chake choyamba, pamene chilichonse chinkamudutsa.

Mphenzi analiyang'ana pepala lija osalikhudza.

"Mpaka Loweruka basi," anatero. "Koma ndiwaphunzitsa mpira weniweni, osati Sande sukulu ija ya bambo."

Amayi anabwerera kumakapu awo ndi kunyimbo yawo.

Sande sukulu imene ankanenayo inali iyi. A Kochi ankaphunzitsa mpira monga mmene ankasokera nsapato: singano ikalowa ituluke, ikatuluka ilowenso, ulusi uzitsata. Wolandira mpira ankayenera kuona anzake awiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo akapatsira asaime, athamangire pamalo popanda munthu kuti akalandirenso. Akafuna kuti timu ikwere kutsogolo ankangokuwa mawu amodzi: "Sokani!"

Ndiye panali kansalu. Kanali kansalu kofiirira kopukutira nsapato, kamene kankakhala m'thumba lawo lakumbuyo. Masewero akatha, aliyense amene wagoletsa ankatenga kansaluko, n'kugwada pamaso pa amene anamupatsira mpira, n'kumupukuta nsapato. A Kochi ankati bwalo lonse limaombera m'manja phazi lomaliza, choncho pazikhala munthu mmodzi wokumbukira phazi limene linayamba.

Mphenzi anakagwira kansaluko kambirimbiri ali mwana. Koma tsiku lina, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pa masewero a chikho, anagoletsa zigoli zitatu, ndipo zonse zitatu anamupatsira ndi Phee. M'mbali mwa bwalo munali amuna awiri a timu yaikulu ya mumzinda, amene anabwera kudzaona iyeyo. Bambo ake atamutambasulira kansalu, Mphenzi anayang'ana amuna aja, anayang'ana atsikana amene ankaimba dzina lake, anayang'ana mng'ono wake wachibwibwi, n'kunena mokweza kuti, "Ine sindigwadira mwana." Anatembenuka n'kuchoka. Sabata yomweyo anakwera basi ndi amuna aja. Kuyambira pamenepo iye ndi bambo ake ankalonjerana bwinobwino, kufunsana za mvula ndi za misewu, koma mawu akuti mpira sanatulukenso pakati pawo kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Atafika pabwalo, Mphenzi anagawa ana aja pawiri n'kuwauza kuti asewere kuti awaone. Zimene anaona zinamunyansa. Ankapatsirana mpira bwino, inde, koma ngati anthu aulemu pakhomo la tchalitchi: lowani inu, ayi, yambani ndinu. Mnyamata wamtali uja, amene ankamutcha Njinga chifukwa cha liwiro lake, anafika pamaso pa golo kawiri, ndipo kawiri konse anabwezera mpira kwa kamtsikana kaja, Batani.

"Imani! Iwe Njinga, golo lili kuti?"

"Ilo."

"Nanga mpira waupititsiranji uko? Wamva kuti golo lasamuka?"

Ana anaseka pang'ono.

"A Kochi ankati amenye ndi amene ali pamalo abwino," anatero Njinga.

"Muli pa nambala yanji m'ligi?"

"Yachisanu."

"Pa matimu angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Ndiye mukuonatu. Tamverani. Kuyambira lero mpira uliwonse uzipita kwa Njinga. Inu akumbuyo muziumenya patali, udutse pamwamba pa onse. Iwe Njinga uzithamanga, ukaona golo usafunse munthu. Wosewera kutsogolo amakhala wadyera. Amene alibe dyera apite akalowe kwaya."

"Nanga ine?" anafunsa Batani, amene ankasewera pakati.

"Iwe ndiwe wamwayi. Mpira uzikudutsa pamwamba osawerama n'komwe."

Anzake anaseka. Batani anawerama n'kumakoka sokosi imene sinagwe.

Tsiku limenelo Njinga anagoletsa zinayi. Pomaliza anathamangira kwa Phee atatambasula dzanja, monga mwa chizolowezi.

"Zimenezo zatha," anatero Mphenzi. "Aliyense azikapukuta nsapato zake kwawo."

Dzanja la Phee linali litalowa kale m'thumba lakumbuyo. Linatuluka lopanda kanthu.

Lachinayi amayi anamuitana Mphenzi kuti awathandize kupinda zovala za malemu. Panalibe zambiri: malaya asanu, jekete ya kwaya, mathalauza anayi. Mphenzi anaona kuti thalauza lililonse, kupatula la kutchalitchi, linali ndi zigamba m'mawondo, zosokedwa ndi ulusi wolimba wa nsapato.

"Bambo ankapemphera mpaka kubowola mathalauza?" anafunsa, kuyesa kuseka.

"Kupemphera ankapemphera," anatero amayi, n'kumulanda thalauzalo n'kulipinda okha.

Lachisanu zinthu zinaipiratu. Ana amene ankatchinga Njinga pokonzekerapo anali atadziwa kale pamene mpira uzigwera, ndipo ankangomudikirira awiri. Osewera pakati ankayenda ngati anthu osowa pokwerera basi, makosi atakhota n'kuyang'ana kumwamba. Dengu, atakhala nthawi yaitali osagwira mpira, anafunsa ngati angapite kukamwa madzi n'kubwera Lolemba. Mphenzi anakuwa mpaka mawu anasasa, ndipo akamakuwa kwambiri m'pamene ana ankasokonezeka kwambiri. Phee anangoima kumbuyo kwake.

Atabwerera kunyumba, Mphenzi anamutsatira m'kashopu muja. Munkanunkhira guluu ndi polishi. Magalasi a bambo awo anali akadali pabenchi, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi. Pashelefu panali nsapato za mpira za ana, zimene Phee anatolera kuti aziyang'ane masewero asanafike, ndipo anali atayamba kale kusoka ya Batani, imene inayasamula kuchala.

"Ana akowa ndi ogontha," anatero Mphenzi. "Bambo anawasandutsa nkhosa."

Singano inalowa, inatuluka.

"Ndikulankhula ndi iwe."

"Nda-ndamva."

"Ndiye yankha. Wangondiimira kumbuyo ngati mtengo wa golo. Ngati ukudziwa bwino kuposa ine, lemba dzina papepala lija, undimasule ine ndizipita."

Phee anaika nsapato ija pansi. Akapsa mtima chibwibwi chinkamugwira kwambiri, moti nsagwada zinkanjenjemera mawu asanatuluke. Mphenzi ali mwana ankamumalizira mawu. Lero anangomusiya avutike.

"Zi-zigoli zitatu zija," anatero Phee pomaliza. "Cha-chachitatu ndikanamenya nde-ndekha. Goloboyi a-anali atagwa. Golo lo-lonse linali langa."

"Nanga unalekeranji?"

"A-anthu aja anabwerera inu. Ndi-ndinkafuna kuti akutengeni."

Mphenzi anamva kutentha m'makutu.

"Sindinakupemphe."

"Ee. Si-simunandipemphe."

"Ndiye wakhala ukusunga zimenezi zaka zonsezi? Iwe ndi bambo, pabenchi ili, kumandiweruza? Ine ndinasewera pamaso pa anthu zikwi makumi awiri. Dzina langa linamveka pawailesi. Bambo sanabwere ngakhale kamodzi kudzandiona."

"A-ankamvera. Wailesi i-ili apo."

Inalipodi, pakati pa zitini za polishi, kanthambo kake katakolekedwa pamsomali.

Amayi anali ataima pakhomo ndi makapu awiri a tiyi. Palibe anadziwa kuti anafika nthawi yanji.

"Mukukangana pabenchi la bambo anu maluwa a pamanda asanafote?" Anaika makapu aja pabenchi mwamphamvu moti tiyi anatayikira. "Ine ndinabala ana awiri. Wina ali ndi maso, alibe pakamwa. Wina ali ndi pakamwa, alibe maso. Ndakhala ndikumufunsa Mulungu chifukwa chake sanangondipatsa mmodzi wathunthu, mpaka lero sanandiyankhe. Koma m'Malemba muli mneneri wina wa lilime lolemera, ndipo amene ankamulankhulira anali mkulu wake. Sindinawerengepo kuti mkuluyo anachepa nazo."

"Amayi, uwu ndi mpira, si ulaliki."

"Bambo ako sankasiyanitsa."

"N'chifukwa chake ali pa nambala yachisanu." Mphenzi anaimirira, bondo n'kulira. "Mawa tipambana mwa njira yanga, muone nonse. Kenako ndikupita."

Tiyi wake anazizira pabenchi pomwepo.

Loweruka kunali dzuwa ndi mphepo ya fumbi. Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, ena chifukwa cha mpira, ena chifukwa cha malemu. Amayi anakhala pampando umene Phee anawanyamulira, atavala zakuda, manja ali pamiyendo. Chapatali pang'ono panaima ahedi, munthu wofatsa wa tayi, atapanira faelo m'khwapa. Woyimbira anapempha mphindi imodzi ya chete, ndipo ana khumi ndi atatu anaweramitsa mitu.

Timu inayo inavala zofiira, ndipo ana ake anali okulirapo. Sipanathe mphindi zisanu kochi wawo anali ataona kale zonse. Anaika anyamata awiri pa Njinga, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mpira ukamenyedwa patali unkagwera pamutu pa wofiira n'kubwerera komwe wachokera. Njinga ankathamanga, kutembenuka, kuthamanganso, lilime lili kunja.

"Menya patali! Patali, iwe! Njinga, dumpha!"

Dengu anagwira mipira itatu yovuta, umodzi ndi chala chake chopola kumene chija. Wachinayi unamudutsa pansi pa khwapa. Ofiira anakumbatirana, ndipo Mphenzi anamenya botolo la madzi ndi phazi, kuiwala kuti ndi la bondo lowawa.

Popuma anawakalipira onse, kuyambira goloboyi mpaka amene sanalowe n'komwe. Ana ankangomwa madzi maso ali pansi. Phee anagwada pambali n'kuyamba kujambula pafumbi ndi chala: timadontho tiwiri pafupi ndi kadontho kamodzi, ndi malo aakulu opanda kanthu kumanzere. Batani ndi anzake awiri anasendera kuti aone.

"Tasiya zojambulajambulazo," anatero Mphenzi. "Lowani! Zomwe zija, koma mwamphamvu!"

Chigawo chachiwiri chinayamba ngati choyamba. Anthu anayamba kung'ung'udza. Bambo wina wa chipewa anakuwa kuti, "Akochi atsopano, anawo ndi a mpira, si a ndege!" ndipo anthu anaseka. Mphenzi anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu. Anamva wina akumukoka malaya.

"A-achimwene. Ku-ku-ku..." Nsagwada za Phee zinkanjenjemera, misempha ya m'khosi itatuluka. Analephera. Anangoloza.

Mphenzi anayang'ana kumene chala chinaloza. Anyamata awiri ofiira aja anali atamukakamira Njinga mpaka pakati pa bwalo, ndipo kumanzere konse kunali mbee, malo oti n'kuimikapo lole. Batani anali ataima chapafupi, manja ali m'chiuno, kudikira mpira umene sunamufike chiyambire masewero. Zinali ndendende zimene zinajambulidwa pafumbi paja.

Mphenzi anayang'ana wotchi kachiwiri. Kenako anaika manja kukamwa.

"Sokani!"

Mawuwo anatuluka osasa ndi okhuthala, ndipo amayi pampando paja anadzutsa mutu msanga ngati aitanidwa ndi munthu amene samamuyembekezera. M'bwalo ana anaima kamphindi, n'kuyang'anana. Kenako wakumbuyo amene anali ndi mpira, m'malo moumenya patali, anaukankhira pansi kwa Batani.

Zimene zinatsatira zinali zokoma kuona, ngakhale kwa munthu wokwiya. Batani anapatsira kumanzere n'kuthamanga, analandiranso, anabwezera pakati, wapakati anaulowetsa kutsogolo. Singano inalowa, inatuluka. Ofiira anayamba kuthamangitsa mthunzi. Phee ankaloza, Mphenzi n'kukuwa: "Kumanzere! Usaime, thamanga! Tsegula, iwe, tsegula!" Mpira wina unagunda mtengo wa golo n'kubwerera. Wina goloboyi wofiira anaukankhira kunja ndi nsonga za zala. Anthu anaimirira. Ngakhale ahedi anamasula tayi.

Itatsala mphindi imodzi, Batani anachenya mnyamata wamkulu kawiri kuposa iye, n'kuulowetsa mpira pakati pa otchinga awiri aja. Njinga anautulukira ali yekha, koma chakumbali. Goloboyi anatuluka kudzamutsekera. Batani sanaime, monga anaphunzitsidwira: anathamanga mpaka pamaso pa golo, ndipo anaima pamenepo yekhayekha atakweza manja, golo lonse lili pululu.

"Mpatsire!" anakuwa Mphenzi. "Mpatsire, iwe!"

Njinga anamuona Batani. Aliyense anaona kuti wamuona. Anazengereza pang'ono, kenako anaweramitsa mutu n'kumenya yekha ndi mphamvu zake zonse. Mpira unagunda ukonde wakunja. Woyimbira anaimba wezulo katatu.

Mphenzi anagwira mutu ndi manja onse awiri. Njinga anabwera akukoka miyendo, misozi ikulemba mizere pafumbi la kumaso.

"Bwanji sunamupatsire? Golo linali lopanda munthu!"

"Munati ndikaona golo ndisafunse munthu," anatero Njinga.

Mphenzi anamuyang'ana mnyamatayo, msinkhu wake, khosi lake louma, ndipo anayang'ana kumbali.

Anthu anayamba kubalalika. Ofiira anapita kukaimba pansi pa mtengo. Ana obiriwira aja, popanda wowauza, anapita kumzere woyera wa m'mbali mwa bwalo n'kukhala pansi mondondozana, miyendo ataitambasulira kutsogolo. Nsapato makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi, zonse zofiira ndi fumbi. Atakhala kale m'pamene anakumbukira. Dengu anayamba kubweza miyendo yake pang'onopang'ono, ngati munthu amene walowa m'nyumba ya eni molakwitsa.

"Akudikira chiyani?" anafunsa Mphenzi.

Phee anayang'ana pansi. Anayankha ndi Batani.

"Tikapanda kugoletsa sipakhala wopukuta mnzake. Ndiye a Kochi ankatipukuta tonse. Ankati ngati palibe wagoletsa, ndiye kuti iwowo ndi amene sanatipatsire bwino."

"Zinayamba liti zimenezo? Nthawi yathu kunalibe."

"Tsiku limene unakana lija," anatero amayi. Anali atafika pambali pake, akukoka mpando wawo. "Iwe utatembenuka, bambo ako anagwada okha pamaso pa anthu onse aja, n'kumupukuta mng'ono wako. Katatu. Pobwerera kunyumba ndinkati akwiya nawe. Koma anangoti, 'Mwana ameneyu ndamuuza kangati kuti agwade, koma ine wandiona ndi liti nditagwada?' Kuyambira pamenepo timu ikalephera kugoletsa, linali tsiku lawo. Ndipo timu ya nambala yachisanu imalephera kawirikawiri. Mathalauza aja unawaona."

Ahedi ankabwera pang'onopang'ono, cholembera chili m'manja, ngati munthu amene sakufuna kufika. Amayi anatulutsa pepala lija m'chikwama n'kumupatsa Phee, amene analigwira ndi zala ziwiri ngati likutentha.

Mphenzi anayang'ana mzere wa nsapato uja nthawi yaitali.

"Pepalalo lili ndi mizere ingati yolembapo dzina?"

"U-umodzi."

"Ulembe zilembo zing'onozing'ono, tikwanepo awiri. Lako liyambe. Lachitatu ndi Lachisanu ndi iwe, uziwajambulira pafumbi, ndaona kuti amakumva. Loweruka ndizibwera kudzakukuwira."

Phee anamuyang'ana, n'kuyang'ana amayi. Amayi ankayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda popanda mawu.

Mphenzi anatambasula dzanja. Phee anapisa m'thumba lakumbuyo. Kansalu kaja kanali katapyapyala pakati mpaka kuonekera dzuwa, ndipo m'mphepete munali mosokedwa ndi ulusi womwe uja wa zigamba.

Kugwada kunamutengera nthawi. Anayamba watsamira paphewa la mng'ono wake, n'kutsitsa bondo labwino, kenako lowawa lija, limene linalira moti Dengu anati, "Pepani, akochi." Anayambira pa Batani. Anagwira kansapato kake kosokedwa dzulo, n'kupukuta kuchala, m'mbali, kuchidendene, monga mmene manja ake ankakumbukirira. Anasendera kwa wotsatira, akukwawa ndi mawondo pafumbi. Atafika pa Njinga, mnyamatayo anafuna kubisa mapazi, koma Mphenzi anawakoka.

"Bweretsa kuno. Amene anakupatsira molakwika ndi ine."

Mzere utatha sanadzuke. Kumapeto kwake kunaima Phee, atavala nsapato zake zakuntchito zodontheredwa guluu, ali kalikiliki kulemba papepala limene analitsamiritsa pafaelo ya ahedi.

"Ukamaliza ukhale pansi," anatero Mphenzi, akukutumula kansalu kaja. "Zako ndi zitatu, za zigoli zija."

Amayi anali atayambanso kung'ung'udza nyimbo yawo ija, mawu achiwiri okha. Patapita kanthawi, kuchokera pansi pafumbi pamene mwana wawo wamkulu anagwada, panamveka besi yosasa, yotsalira pang'ono.